Chinkhoswe cha Munthu wa Limba

Anthu ambiri kuno ku Rustenburg amamudziwa munthu wa limba chifukwa cha nyimbo zake. Ine ndimamudziwa chifukwa anatenga mlongo wanga. Ndinena zonse ziwiri, koma za nyimbo sindidziwa zambiri, ndipo sindinamizira kuti ndimadziwa.

Ndine wa ku Dedza. Ndinabwera ku Joni ndili mnyamata ndipo ndinagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka maondo atakana. Zaka zomaliza ndinali kapitawo wa gulu lokhoma mizati kuti thanthwe lisagwere anthu. M'gulu langa simunafe munthu. Mzati ukakhala wopendama ndinkauzulitsa, ngakhale nthawi yoweruka itakwana. Zinthu ndimazichita motsata ndondomeko yake.

Munthu wa limbayu ndinamuona koyamba kukomboni ya mgodi. Kwawo ndi ku Angonia, kutsidya kwa msewu wa kwathu, kumene chilankhulo n'chimodzi koma boma n'lina. Nkhondo inabalalitsa abale ake, iye n'kuthawira kuno. Anamupatsa ntchito yokoka miyala ndi winchi. Sanali waulesi, koma zala zake sizinkakhazikika. Zinkagogoda pa chisoti, pa chitini cha chakudya, ngakhale pa msana wa mnzake m'kheji potsikira pansi. Ankati ansembe a kwawo anamuphunzitsa limba lopopa ndi mapazi ali mwana. Ine ndinamuuza kuti pansi timamvetsera thanthwe, asamatisokoneze.

Patapita nthawi anagula limba lamagetsi lakale m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Ankalikankha pa wilibala kupita nalo ku mapemphero a anthu akwathu, amene tinkachitira m'kalasi ya sukulu ina ku Tlhabane. Atswana oyandikana ndi sukuluyo anamva, n'kuyamba kuimirira pa mawindo. Mmodzi anamuitana ku ukwati wa mwana wake. Kuyambira pamenepo masiku a Loweruka sankapezekanso pakomboni.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndinkakamva kwa anthu. Akaitanidwa ku ukwati ankafika dzulo lake, n'kukakhala kuseri kwa nyumba kumene amayi akusenda mbatata ndi kudula kabichi. Ankatenga mpeni n'kumasenda nawo. Amayi akamagwira ntchito amaimba, ndipo pamudzi paliponse pali nyimbo zake. Iye ankangomvetsera. M'mawa mwake amayi aja ankadzidzimuka kumva nyimbo yawo ya kukhitchini ikutuluka m'masipika, ndipo ankasiya mapoto. Chinanso, ankayamba nyimbo ya tchalitchi pang'onopang'ono kuti agogo aimbe nawo, n'kumaifulumizitsa mosaonetsera, mpaka abusa kupezeka akuvina osadziwa kuti mapemphero atha nthawi yanji.

Kenako anasiya ntchito ya mgodi. Palibe anamuchotsa, anangosiya yekha. Anapanga bandi: woimba ng'oma wa ku Chipata, woimba gitala, ndi amayi awiri a mawu. Woimba besi sankamufuna, chifukwa dzanja lake lamanzere linkagwira ntchitoyo. Anaimba ku Phokeng, ku Bethanie, mpaka ku Brits, m'maukwati ndi pa miyambo yovundukula ziliza. Panali zaka zimene sukanakwera minibasi ya ku tauni osamva limba lake. Munthu wakwathu akamwalira, pa mwambo woperekeza thupi kumudzi, sankakana kubwera. Chimenecho ndimuyamikira.

Mlongo wanga anabwera kuno boma litasintha. Ukwati wake woyamba unali utatha kumudzi, ndipo anabwera ndi makina ake osokera kudzakhala kwa ine ku Tlhabane. Ankasoka bwino. Munthu wa limba anabweretsa nsalu kuti amusokere malaya a bandi. Anabweranso kuti malayawo akuthina m'khosi. Anabweranso kuti tsopano akhwepa. Malaya amenewo anakonzedwa nyengo yonse ya dzinja.

Tsiku lina kunabwera woimba ng'oma uja atavala jekete, n'kunena kuti watumidwa kudzafunsira mbeta. Amalume athu onse anali atatha, ndipo mwini mbumba ndinali ine. Ndinamupatsa tiyi n'kumukana. Zifukwa zanga zinali zomveka. Woimba ng'oma si mbale wa munthu, ndiye mawa kukavuta ndikakamba ndi ndani? Komanso munthu wosiya ntchito yolembedwa n'kumayenda m'maukwati a eni sindinkamuona ngati mwamuna wapabanja. Ndinkadziwa oimba ambiri, ndipo ndinkadziwa mmene ankathera.

Mlongo wanga anandiuza kuti wakula ndipo wamva zonse zimene ndanena. Kenako anamanga makina ake m'chitenje n'kupita. Analowana popanda ankhoswe. Sindinamutsatire ndipo sindinamutukwane. Tinkaonana kutchalitchi, ankandisokera mathalauza, ndipo ndikadwala ankabwera kudzandiphikira. Mwamunayo ankamuperekeza mpaka pageti n'kubwerera. Tikakumana panjira ankandipatsa moni kuti madala, monga kumgodi, ine n'kuyankha kuti bambo.

Chaka chilichonse, Khirisimasi ikayandikira, woimba ng'oma ankabweranso ndi jekete lomwe lija ndi uthenga womwe uja. Ndinkamupatsa tiyi ndi yankho lomwe lija. Zinatero zaka zoposa makumi awiri. Jekete linayamba kumuthina, kenako linayamba kumukhwepa. Mwana sanakhale naye, ndiye panalibe chondikakamiza kusintha.

Mlongo wanga atayamba kudwala shuga, munthu wa limba anabwera yekha. Anaima pageti atavula chipewa n'kundiuza za matendawo, dzina la chipatala, ndi zimene adokotala ananena. Nditapita kukamuona wodwalayo ndinapeza bamboyo akumuchapira zovala pa mpope, anthu akuona. Maukwati ambiri anawakana chaka chimenecho. Mlongo wanga anamwalira nyengo yozizira ili pakati.

Thupi tinapita nalo ku Dedza. Munthu wa limba anakhala kumbuyo kwa galimoto ulendo wonse, akuyang'ana ngolo imene munali bokosi. Titafika, akuluakulu a pamudzi anandifunsa kuti bambo awa ndani. Ndinayankha zoona, kuti ndi amene ankakhala nawo. Kwathu yankho limenelo silimupatsa munthu malo. Anamukhazika pansi pa mtengo pamodzi ndi alendo, osati pakati pa anamfedwa. Tsiku lometa, lezala linayenda pamitu ya abale onse, iye n'kumudumpha. Sanadandaule kwa aliyense. Pobwerera m'basi manja ake anali pa maondo, osagwedezeka, kuchokera ku Dedza mpaka ku Joni.

Atafika anaphimba limba ndi nsalu n'kulisiya. Anthu anaganiza kuti ndi za mwezi umodzi. Kuzizira kunatha, kutentha kunabwera, mitambo inayamba kusonkhana, limba lili chiphimbire.

Woimba ng'oma anabwera nthawi yake isanakwane, ndipo sanavale jekete. Anati bandi ikutha. Wa gitala anali atapita kale ku gulu lina, ndipo amayi a mawu aja anali kuyendayenda ndi m'busa wa tenti. Nyengo ya maukwati inali itayandikira. Ku Phokeng kunali mtsikana amene makolo ake anavinira limba lomweli pa ukwati wawo, ndipo banjalo linalonjezedwa kalekale. Anati ukwati umenewo ukadutsa popanda iye, anthu adzaitana anyamata a makompyuta, ndipo sadzabwereranso kwa nkhalamba.

Ndinamufunsa kuti nkhani imeneyi ikundikhudza pati.

"Akuti saimba mpaka mutamusudzula, mudala."

Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna amakhala womangika kwa abale a mkaziyo. Savina, sapita kuchisangalalo, sakwatira. Nthawi ikakwana eni mbumba amamuitana pamaso pa mboni, kumuthokoza, ndi kumumasula kuti apite akayambe moyo wina. Kusudzula n'kumeneko. Kwawo ku Angonia amachitanso chimodzimodzi, ndiye mwambowo ankaudziwa.

Ndinauza woimba ng'omayo kuti sindingamasule chimene sindinamange. Munthuyo sindinamupatse mkazi, ndiye ndimusudzula pa chiyani? Akhoza kuimba mawa lomwe, palibe wamugwira.

"Ndamuuza zomwezo," anatero. "Akuti iye anakhala ndi mkazi, osati ndi mnzake wa lendi."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Mangani, mudala. Mukamanga mumasule. Inu a mizati zimenezi zikukuvutani chiyani?"

Ndinamuuza kuti amalize tiyi azipita. Koma nkhaniyo ndinaiganizira. Ndinafufuza m'mutu mwanga lamulo loletsa chinkhoswe cha munthu womwalira, osalipeza. Palibe analikhazikitsa, chifukwa palibe anaganiza kuti lidzafunika. Ndinaimbira foni mlongo wanga wamng'ono kumudzi. Anaseka kaye, kenako analira, kenako anati mwini mbumba ndine, ndione ndekha. Za woimba ng'omayo ndinaona kuti munthu amene wayenda ulendo umodzi zaka zonsezo, osatopa ndiponso osasintha mawu, akhoza kuima ngati nkhoswe. Abale enieni ambiri sakanafikapo.

Tinapangana Loweruka m'mawa, kuseri kwa nyumba imene munthu wa limba ankachita lendi. Ndinagula thadzi wamoyo pafupi ndi pokwerera minibasi. Iwo anabwera ndi tambala. Ndinaitana akuluakulu awiri a kutchalitchi kuti akhale mboni. Tinayala mphasa pakati pa mpope ndi chingwe choyanikira zovala.

Mayi mwini nyumba, Mtswana, anatuluka kudzaona. Woimba ng'oma anamuuza kuti ndi mwambo wa ukwati. Anafunsa kuti ng'ombe zili kuti, ndipo tinamuonetsa tambala. Anafunsa kuti mkwatibwi ali kuti, ndipo ndinati ali ku Dedza. Anafunsa kuti afika liti, ndinati safika. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kulowa m'nyumba. Anabwerako ndi mpando wake n'kukhala poteropo mpaka mapeto.

Ndinayendetsa mwambo wonse osadumpha kanthu. Woimba ng'oma anagwada n'kunena kuti waona mbeta pakhomo pano. Ndinamufunsa kuti mbeta iti, popeza kwathu akazi ndi ambiri, ndipo anaitchula. Ndinafunsa ngati mnyamata wawoyo alibe mkazi kwina. Mnyamatayo anali chikhalire pa mphasa, mutu uli mbuu ndi imvi. Anati alibe. Tinasinthana nkhuku. Tambala anaphedwa n'kuotchedwa, ndipo ankhoswe awirife tinang'ambirana.

Kenako ndinamulangiza monga amalangizira mkamwini watsopano. Ndinati mkazi samenyedwa. Ndinati mwamuna asamagone kunja popanda kunena kumene ali. Ndinati mkazi akadwala, matenda akanenedwe msanga kwa ankhoswe, ndipo wodwala asasiyidwe yekha. Pa chilichonse ankaomba m'manja n'kuvomera. Mmodzi wa akuluakulu a kutchalitchi aja anayamba kutsokomola n'kuyang'ana kumbali. Ine ndinapitiriza mpaka malangizo atatha, chifukwa mwambo sudulidwa pakati.

Zitatero ndinanena pamaso pa mboni kuti bambo awa ndi mkamwini wa kwathu, ndipo mkazi wawo wamwalira. Ndinatulutsa lezala latsopano ndi sopo. Anagwada pafupi ndi mpope, ndipo ndinamumeta ndekha mutu wonse. Pamenepo ndi pamene analira. Tinamudikira. Mayi mwini nyumba anabweretsa thaulo.

Chinatsala n'kusudzula. Woimba ng'oma anali atayamba kale kumwetulira, ndipo mwini galimoto yonyamula masipika anali atamuuza kale tsiku. Ndinaimirira, n'kuyamba mawu othokoza mkamwini chifukwa chosunga mwana wathu mpaka tsiku lomaliza.

"Alamu, taimani kaye," anatero munthu wa limba.

Ndinaima.

"Mwandipatsa mkazi m'mawa uno. Nkhuku sinatsike n'komwe m'mimba, mukufuna mundilande?"

Woimba ng'oma anamukumbutsa zimene anagwirizana. Iye sanamuyang'ane.

"Mukandisudzula ndikhala ndani pano?" anandifunsa.

"Mukhala munthu wa limba."

"Ameneyo ndakhala kale. Uyu winayu ndangomuyamba lero."

Ndinafunsa mboni. Onse awiri anati sanamvepo mkamwini akusudzulidwa mokakamiza pamene sanalakwe, makamaka iye mwini akupempha kuti akhalebe. Inenso sindinamvepo. Ndinakhala pansi n'kunena kuti mwambo wathera pomwepo.

Woimba ng'oma anaimirira. Anati wang'amba nsapato zaka zonsezi kufunsira mbeta ya mnzake, ndipo malipiro ake ndi kuphedwa kwa bandi ndi nkhalamba ziwiri zouma mitu. Anati mmodzi anakana kumanga, wina akukana kumasulidwa, ndipo tikuyenerana, bwenzi titangokwatirana tokha. Anatenga thadzi uja m'khwapa, popeza anali wa mbali yawo, n'kumapita.

Masiku otsatira ndinaganiza. Tsopano munthuyo anali wanga. Akafa ndi njala m'chipinda cha lendi, anthu adzafunsa kuti eni mbumba anali kuti. Komanso lonjezo la ku Phokeng linali litasanduka lonjezo la mkamwini wa kwathu, ndipo kwathu sitinamiza anthu. Kumusudzula sindikanatha. Kumusiya atakhala choncho sindikanathanso.

Ndinapita kwake m'mawa pakati pa sabata. Ndinamupeza atakhala pa bedi, makina osokera ali mbali ina, limba lophimba lija mbali ina. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pansi, monga kuyenera.

"Kwathu mkamwini amagwira ntchito yanji?" ndinamufunsa.

"Imene amutuma eni mudzi."

"Akatumidwa kukalima amakana?"

"Sakana."

"Munda kuno ndilibe. Loweruka mupite ku Phokeng mukaimbire mwana uja."

"Ndili pa maliro, alamu."

"Maliro ndi anga. Amene ndakutumani ndine. Mukakana, ndiye kuti ukamwini wakukanikani, ndipo ndikusudzulani pompano. Mboni ndi mayi mwini nyumba."

Kenako anafunsa ngati popita kumeneko akhalabe womangika. Ndinati kwambiri. Anati ngati ndi choncho ayenera kunyamuka Lachisanu, chifukwa amayi a kukhitchini amayamba kusenda masana. Anapemphanso kuti ndikauze woimba ng'oma ndine, popeza awiriwo sakulankhulana. Ndinapita. Thadzi uja ndinamupeza ali moyo, atamangidwa mwendo ku tayala lakale.

Ku Phokeng ndinapita nawo. Munthu ukatuma mkamwini kumunda umakaona mizere. Aka kanali koyamba kumuona akuimba pa ukwati, chifukwa zaka zonsezo ndinkapewa. Wa gitala sanabwere. Mayi mmodzi wa mawu anabwera, winayo ayi. Anandipatsa mpando pafupi ndi sipika, ndipo ndinausuntha.

Anavala malaya akale a bandi, chipewa osavala, mutu wometa uli poyera. Anayamba ndi nyimbo ya tchalitchi, pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere linkayenda pansi ngati munthu wonyamula katundu, lamanja likuthamanga pamwamba. Sankayang'ana zala. Ankayang'ana mapazi a anthu, ndipo akaona agogo atsalira ankabweza liwiro mpaka amupeze. Poyamba anaphonya kangapo, ndipo ngakhale ine ndinamva. Woimba ng'oma anamuyang'ana moipa n'kumukokera m'njira. Kenako zinagwirana. Atalowetsa nyimbo ya amayi a kukhitchini, anatuluka onse ndi zikho m'manja, nthungululu zili pakamwa, ndipo nyama ina inapserera. Bambo a mkwatibwi anabwera kudzandigwira dzanja atamva kuti ndine ndinamutuma. Ine sindinavine. Maondo anga ndanena kale.

Atamaliza anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga, anthu akuona, n'kunena kuti ntchito ija wagwira. Ndinati ndaona, koma poyambira panali popendama. Anavomera.

Kuyambira pamenepo zimayenda choncho. Wofuna bandi amapita kwa woimba ng'oma, woimba ng'oma amabwera kwa ine, ine ndimatuma mkamwini. Sindinakanepo, koma amafunsabe nthawi zonse, ndipo popanda mawu anga limba silituluka m'nyumba. Masiku ano minibasi zimaliza nyimbo zina, ndipo maukwati omuitana achepa. Ziliza ndi maliro ndiye sizichepa. Wa gitala anabwerera yekha.

Chaka chathachi mayi wina wamasiye wa ku Bethanie, wa nyumba yake ndi mbuzi zake, anayamba kutumizira mkamwiniyo chakudya. Ndi mayi wabwino, ndinafufuza. Ndinamuitana mlamu wangayo n'kumuuza kuti nthawi yakwana kale, ndipo akafuna ndiitana mboni sabata yomweyo. Anathokoza. Anati ayambe waganiza, adzandiuza. Kenako anafunsa ngati pali ntchito ya Loweruka, ndipo inalipo, ya chiliza ku Tlhabane komwe kuno. Ndinamutuma.